Mutu 7: Madzi Saiwala Khwawa

Munthu amene adakwerapo phiri la Ntchisi m'nyengo ya dzinja, naima m'mphepete mwa nkhalango ija kuyang'ana kummawa kumene dziko limatsetserekera ku Nkhotakota, adziwa chimene alimi a kumapiri amachidziwa chibadwire, kuti ngakhale mvula igwe mofanana pa munda wa mfumu ndi pa munda wa mkamwini, pa denga la malata ndi pa denga la udzu, madzi ake sayenda mofanana ayi, koma amafunafuna potsika, nasonkhana m'tinjira timene mapazi a anthu ndi ziboda za ng'ombe zidakumba kale, kufikira kanjira kamene dzana kanali kopita kudambo kasanduka chigwembe chomeza mbuzi. Akulu ankati madzi saiwala khwawa ponena za munthu wobwerera ku khalidwe lake lakale, koma ine ndaubwereka mwambiwu kuti unditsogolere pa nkhani ya kachirombo koyambitsa Edzi, pakuti nakonso, ngakhale kalibe maso oti kasankhe nkhope kapena mtundu wa munthu, kadayenda m'dziko muno motsata makwawa amene anthu tidakumba tokha.

Wodwala Edzi woyamba m'Malawi adadziwika m'chaka cha 1985. Masiku amenewo dzina lake lenileni linali lolemera pakamwa, kotero kuti kumidzi kwathu ankangoti magawagawa, kaliwondewonde kapena matenda a boma, ndipo ena ankaisokoneza ndi kanyera kapena mdulo, namwetsa wodwala mankhwala a tsempho kufikira tsiku lomuika. Ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, mwa amayi oyembekezera 100 alionse amene adayezedwa mu 1985, okhala ndi kachirombo anali 2 okha, koma pofika 1996 anali atapitirira 30. Pulezidenti Bakili Muluzi adaulula poyera mu February 2004 kuti mbale wake adamwalira ndi Edzi, ndipo chaka chomwecho boma lidayamba kugawa ma ARV mwaulere. Lero anthu pafupifupi 1 miliyoni m'dziko muno ali ndi kachiromboka, ndipo ambiri a iwo akulima, akuphunzitsa, akulera adzukulu.

Tsono tiyeni tione m'mene madzi adagawikira. Kafukufuku wa MPHIA wa mu 2020 ndi 2021 adapeza kuti mwa anthu 100 a zaka 15 kupita m'tsogolo, pafupifupi 9 anali ndi kachirombo, koma chiwerengero chimenechi chikunga nsima yoomoledwa mosalingana, pakuti mu mzinda wa Blantyre anali 14, pamene m'chigawo chimene muli Dowa, Ntchisi, Kasungu, Nkhotakota ndi Salima anali 4 okha, chiwerengero chochepetsetsa m'dziko lonse. Kafukufuku wa zaumoyo wa mu 2010 adaonetsanso kuti pakati pa Alomwe nthendayi inali yochuluka koposa kawiri poyerekeza ndi pakati pa Achewa. Pano ndiyenera kuchenjeza abale anga a kwa Chiwere, kwa Msakambewa, kwa Kalumo ndi kwa Nthondo, kuti asadzigugude pachifuwa ngati kuti magazi awo ndi olimba kapena kuti mitima yawo ndi yoyera koposa ya anthu a ku Mulanje ndi ku Thyolo. Kummwera ndiko kuli mzinda waukulu wa malonda, minda ya tiyi yosonkhanitsa antchito kutali ndi mabanja awo, misewu yopita ku Mwanza ndi ku Muloza, ndi anthu othithikana pa malo ochepa olima. Kumeneko moto udayamba msanga, ndipo kumene anthu ambiri ali nako kale, ngakhale munthu wodzisunga amene wangodziwa mwamuna mmodzi m'moyo wake wonse ali pa ngozi yaikulu koposa munthu wotayirira wa kumudzi kumene kachiromboka sikadafike kwenikweni. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Msewu wa M1 umene umadutsa pa Lumbadzi, Mponela ndi Madisi ndi womwewo umene umachokera ku Blantyre.

Za kuweruzidwa chifukwa cha mtundu, ife Amalawi tidazilawa tokha, ndipo madala amene adapita ku Joni pa Theba akadakumbukira. Mu 1986 eni migodi ku South Africa adayeza magazi a antchito awo, napeza kuti mwa Amalawi 100 alionse pafupifupi 4 anali ndi kachirombo. Chaka chotsatira boma la tsankho la dzikolo lidaika lamulo lotsekereza alendo okhala ndi kachiromboka, ndipo kuyambira 1988 anthu athu pafupifupi 13,000 adabwezedwa kumudzi, odwala ndi osadwala omwe, atasenza dzina loti ndiwo obweretsa mliri. Koma kubweza Amalawi sikudapulumutse dzikolo, chifukwa chigwembe chinali m'kati momwemo: lamulo lidasonkhanitsa amuna akuda zikwizikwi m'makomboni a pamigodi, kuwaletsa kukhala ndi akazi awo kwa miyezi yambiri pa chaka, pamene mzungu woyang'anira ankagona m'nyumba yake ndi banja lake, dokotala ali pafupi. Zipatso zake zidaoneka mu kafukufuku wa mu 2017, amene adapeza kuti mwa anthu akuda 100 a ku South Africa pafupifupi 17 anali ndi kachirombo, pamene mwa azungu 100 anali mmodzi. Ku America nakonso anthu akuda ndi pafupifupi 13 mwa anthu 100 alionse, koma mwa anthu 10 opezeka kumene ndi kachirombo, pafupifupi 4 amakhala akuda. Ndipo ofufuza atayang'anitsitsa adapeza kuti chimene chikuwasiyanitsa si kuchuluka kwa zibwenzi, koma umphawi, kuchedwa kuyezedwa, kusowa ndalama zolipirira chipatala, ndi kukwatirana okhaokha m'dera limene kachirombo kadachuluka kale. Khungu silitenga nthenda. Chimene chimatenga nthenda ndi malo amene dziko lakhazikapo munthu wa khungu limenelo. Ndipo pamene tidutsa pa Dzaleka, msasa wa othawa kwawo umene udatsegulidwa mu 1994 pafupi ndi boma la Dowa, tisabwereze kwa alendo aja chimene adatichitira ku Joni, pakuti ku Congo, ku Burundi ndi ku Rwanda kumene ambiri a iwo adachokera, kachiromboka n'kochepa poyerekeza ndi kwathu kuno.

Koma khwawa lozama koposa onse lili m'nyumba mwathu momwe, pakati pa mwamuna ndi mkazi. Kafukufuku wa MPHIA uja adapeza kuti mwa amayi 100, okhala ndi kachirombo anali 10.5, pamene mwa abambo 100 anali 7.1, ndipo tikatsikira kwa achinyamata mtima umasweka, pakuti kafukufuku wa zaumoyo wa mu 2015 ndi 2016 adaonetsa kuti pa zaka za pakati pa 15 ndi 24, atsikana 5 mwa 100 anali nako, pamene anyamata a msinkhu womwewo anali mmodzi yekha. Mbali ina ya chifukwa chake ili m'chilengedwe, ndipo sitiyenera kuchita nayo manyazi: thupi la mkazi ndilo lolandira, khungu lake lam'kati ndi lofewa ndi lalikulu, ndipo akatswiri amawerengera kuti pa kugonana kumodzi kosadziteteza mkazi ali pa ngozi yoposa ya mwamuna pafupifupi kawiri, ndipo kwa namwali amene thupi lake silidakhwime, kapena amene ali ndi zilonda za chindoko ndi matenda ena opatsirana, chitseko chimakhala chotseguka koposa. Koma chilengedwe chokha sichingatifotokozere kusiyana kwa kasanu. Mtsikana wa zaka 17 satenga kachirombo kwa mnyamata mnzake wa m'kalasi, amene kawirikawiri alibe, koma kwa mwamuna womposa zaka 10 kapena kuposerapo, amene wayenda, wakhala ndi akazi angapo, ndipo ali ndi ndalama m'thumba.

Amene afuna kuona zimenezi ndi maso ake akakhale pa Mponela madzulo m'mwezi wa Meyi kapena Juni, fodya atagulitsidwa ku okushoni ku Kanengo. Mlimi amene chaka chonse wakhala wowerama, kufesa nazale, kuokera, kuthyola, kusoka, kupachika m'chigafa ndi kudinda mabelo pa jeke, pamodzi ndi mkazi wake ndi ana ake amene zala zawo zidadetsedwa ndi utomoni womwewo, amalandira yekha ndalama ya thukuta la onsewo pa tsiku limodzi. Ndipo asanakwere matola opita kwawo kwa Dzoole kapena kwa Chakhaza, magetsi a pamsika amamuitana, nyimbo zimamuitana, ndipo m'zipinda za kuseri kwa malo omwera mowa muli atsikana amene afika nyengo yomweyo kuchokera kumaboma ena, ambiri a iwo atasiya ana kwa agogo, banja litatha kapena mwamuna atamwalira. Sindiwaponya mwala atsikana amenewa, pakuti kafukufuku wa pakati pa amayi oyendayenda m'dziko muno adapeza kuti pafupifupi theka la iwo ali ndi kachirombo, ndipo palibe munthu amene angasankhe ntchito yotere mbale ili yodzaza kunyumba. Wogula akanena kuti switi sadyera m'pepala, naonjezera ndalama, mayi amene mwana wake wagona ndi njala amavomera. Patapita masiku atatu mlimi uja amafika kumudzi ndi chitenje chimodzi ndi kathumba ka shuga, ndipo mkazi wake, ngakhale mtima ukumuuza zonse, sangatchule kondomu pa mphasa ya ukwati, chifukwa yankho akulidziwa kale: "Kodi mayi, mwayamba kuyenda eti? Zimenezi mwaziphunzira kuti?" Akakadandaula kwa ankhoswe amamuuza kuti mwamuna ndi kabudula, amathera moyenda, ndi kuti banja ndi kupirira. Mawu awiri amenewa, amene timawanena moseka pa zikwati, aika m'manda amayi ambiri okhulupirika amene sadadziwepo mwamuna wina.

Kuti umphawi ndiwo ukumba khwawa limeneli, umboni wake udachokera ku Zomba. Kuyambira mu 2008 ofufuza adayamba kupatsa atsikana a sukulu a zaka 13 mpaka 22 kandalama kochepa mwezi ndi mwezi, kosapitirira madola 5, ndi kenanso kwa makolo awo. Patapita miyezi 18 adayeza magazi, napeza kuti mwa olandira ndalama okhala ndi kachirombo anali 1.2 pa 100, pamene mwa osalandira anali 3. Atsikanawo sadalalikidwe ulaliki watsopano. Adangokhala ndi ndalama ya sopo, ya mafuta odzola ndi ya kope, ndipo chidyamakanda adasowa poyambira. Ndikaganiza kuti moyo wa mwana wa munthu ungatembenuke pa mtengo wa sopo, ndimasowa mtendere.

Za miyambo ndinena mwachidule, chifukwa ambiri adazinena kale, ena mopitiriza muyeso. Fisi wolowa m'nyumba usiku, chokolo cholowedwa popanda kuyezetsa, ndi kukwatiwitsa ana, zonsezi ndi njira za kachirombo, ndipo n'koyenera kuti lamulo lidaziletsa: mu 2015 msinkhu wa ukwati udaikidwa pa zaka 18, mu 2017 malamulo aakulu a dziko adakonzedwa kuti agwirizane nazo, ndipo lamulo la za HIV ndi Edzi la mu 2018 lidaletsa miyambo yoika anthu pa ngozi. Panthawi ya kafukufuku wa mu 2015 ndi 2016, amayi 42 mwa 100 a zaka 20 mpaka 24 anali atakwatiwa asanafike zaka 18. Komabe tisasenzetse chinamwali katundu yense, ngati kuti anamkungwi ndiwo adabweretsa Edzi, pakuti ku Dowa ndi ku Ntchisi, kumene mwambo wa Achewa udakali wolimba, ndi komwenso nthendayi ili yochepa, ndipo mu mzinda wa anthu ophunzira ndi momwe yachuluka.

Nawonso amuna ali ndi chigwembe chawo, chosiyana ndi cha akazi. Mkazi amatenga kachirombo msanga, koma amadziwanso msanga, chifukwa mimba imamufikitsa kusikelo, kumene amayezedwa. Ndipo kuyambira mu July 2011, pamene Malawi lidakhala dziko loyamba kuyambitsa njira yotchedwa Option B+, mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa wopezeka ndi kachirombo amayamba mankhwala nthawi yomweyo kwa moyo wake wonse, njira imene maiko ambiri adatengera kwa ife. Mwamuna alibe sikelo. Iye adaphunzitsidwa kudambwe ndi kubusa kuti mwamuna salira, ndipo amafika kuchipatala pa ngolo, chifuwa chachikulu chitamudya kale. Mu kafukufuku wa mu 2020 ndi 2021, mwa amayi 100 okhala ndi kachirombo 90 ankadziwa, koma mwa abambo anali 85; ndipo otsalawo ndi amene akupatsira ena mosadziwa.

Tsopano ndafika pa nkhani imene ambiri akadakonda kuti ndiilumphe, koma buku lofuna kunena zoona silingatseke maso pamene pali maliro. M'dziko muno muli amuna amene amagonana ndi amuna anzawo. Ali m'mizinda, ali m'ndende, ali kunyanja, ndipo amene aganiza kuti kumapiri kwathu kulibe akudzinamiza. Mu 2008 ofufuza adayeza amuna otere pafupifupi 200, napeza kuti mmodzi mwa 5 alionse anali ndi kachirombo. Pakati pa 2011 ndi 2014 bungwe la CEDEP, pamodzi ndi College of Medicine ndi sukulu ya Johns Hopkins ya ku America, lidayeza amuna oposa 2,400 m'madera 7, ndipo 18 mwa 100 adapezeka nako, pamene mwa amuna onse a m'dziko muno mu 2010 anali 8. Chomvetsa chisoni koposa n'chakuti ochuluka zedi a iwo sankadziwa. Apanso thupi lili ndi mbali yake, pakuti kugonana kodzera kumbuyo, kaya wolandirayo ndi mwamuna kaya ndi mkazi, kumapatsira kachirombo koposa kakhumi poyerekeza ndi njira ya kutsogolo. Koma kwa zaka zambiri uthenga wonse wa pa wailesi ndi pa zikwangwani unkaonetsa mwamuna ndi mkazi okha, kotero kuti anyamata ena adakula akukhulupirira kuti Edzi imachokera kwa akazi, ndi kuti kwa mwamuna mnzawo kulibe choopsa.

Pamwamba pa umbuli umenewu pali mantha. Gawo 153 la malamulo a milandu, limene tidalandira kwa atsamunda a ku Britain, limapereka chilango chofika zaka 14 m'ndende pa kugonana kotere. Mu December 2009 Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga adamangidwa ku Blantyre atachita chinkhoswe, mu May 2010 adalamulidwa kukakhala kundende zaka 14, ndipo Pulezidenti Bingu wa Mutharika adawakhululukira mwezi womwewo, mlembi wamkulu wa United Nations Ban Ki-moon ali m'dziko muno. Mu June 2024 khoti loona za malamulo aakulu a dziko lidagamula kuti lamuloli likhalebe. Owerenga ambiri, makamaka a m'dera la Mvera ndi Kongwe kumene mpingo udazika mizu kuyambira pamene amishoni Murray ndi Vlok adafika kwa Chiwere mu 1889, ali ndi chikhulupiriro chawo pa nkhaniyi, ndipo si cholinga cha mutu uno kuwalanda. Changa ndi kuonetsa kumene madzi akupita. Mnyamata amene akudziwa kuti mawu amodzi otuluka m'chipinda cha dokotala angamufikitse kupolisi, kapena kumuchotsetsa m'nyumba ya lendi, kapena kuliritsa mayi ake pamaso pa mudzi, sapita kukaonetsa chilonda chake. Amagula mapiritsi pa okala, nakhala chete. Ndipo popeza mudzi umayembekeza kuti mwamuna aliyense akwatire, ambiri a iwo amakwatira ndithu, monga momwe kafukufuku wa mu 2008 uja adapezera kuti ambiri anali ndi akazi kapena zibwenzi zachikazi. Tsono chimene tidakankhira kumdima chimabwerera usiku pa mphasa ya mlongo wathu. Ophunzira a Ambuye ataona munthu wobadwa wosaona adafuna kudziwa amene adachimwa, koma Mwini wake adafulumira kumutsegula maso. Ndipo ine ndikhulupirira kuti namwino amene alandira mnyamata wotere mwaulemu, osakweza mawu kuti a pakhonde amve, wachita ntchito ya Mulungu ndi ya dziko pamodzi. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Mankhwala alipo, ndipo ena a iwo adatsimikizidwa ndi magazi a Amalawi. Kafukufuku wotchedwa HPTN 052, amene mabanja a ku Lilongwe ndi ku Blantyre adatengamo mbali, adaonetsa mu 2011 kuti munthu akayamba ma ARV msanga, ngozi yopatsira mnzake imatsika ndi 96 pa 100. Kuyambira 2016 aliyense wopezeka ndi kachirombo amayamba mankhwala osadikira kuti adwale. Mdulidwe wa kuchipatala umachepetsa ngozi ya mwamuna ndi pafupifupi 60 pa 100. Ndipo kuli PrEP, mankhwala amene munthu wopanda kachirombo amamwa kapena kubayitsa kuti asakatenge, amene mtsikana angagwiritse ntchito osapempha chilolezo kwa mwamuna.

Tsiku lina la sikelo ndidakhala pakhonde la chipatala china chaching'ono kumapiri a Ntchisi, kumene anthu amafika atayenda wapansi kuyambira tambala woyamba, zitenje zitanyowa ndi mame. Mabenchi adadzaza amayi, makadi awo atakulungidwa m'mapepala a shuga kuopa mvula, ndipo amuna ndidawawerenga pa zala za dzanja limodzi. Namwino adafunsa mayi wina wachitsikana, wa mimba yoyamba, nati, "Amayi, nanga abambo ali kuti? Paja tidati mubwere nawo." Iye adayang'ana pansi, nakonza mpango wake, nayankha motsitsa mawu kuti, "Atanganidwa ndi fodya. Akuti ndikayezedwa ine ndiye kuti ayezedwa iwo, zanga ndi zawo zomwe." Namwino uja sadakalipe, adatenga kabokosi ka chipangizo chodziyezera wekha m'kamwa, namuonetsa m'mene amapakira kunkhama ndi m'mene amawerengera timizere, nati akawapatse abambowo madzulo akatha kudya, ana atagona. Mayiyo adakabisa m'kati mwa chitenje, pansi pa kadi, nanyamuka kutsika phiri mitambo isanatseke.